Ndinathamangitsa Loya Amene Anabwera Kudzapulumutsa Amuna Anga

1

Mukafika ku komboni ya St Mary's, kuno kudziko la anthu olankhula Chishona, n'kufunsa za Tryphena Gama, aliyense mumsewu wathu adzakulozerani nyumba ya chitseko cha buluu, n'kukuuzani kuti mmenemo mumakhala mayi amene anakhulupirika kwa amuna ake mpaka mapeto. Amayi anzanga a kutchalitchi amanditchula ngati chitsanzo akamalangiza atsikana olowa m'banja. Ine ndimangozyolika, iwo n'kumati taonani kudzichepetsa. Ndatopa nako kutamandidwa kumeneku, choncho ndiloleni ndikuuzeni zimene ndinachita m'chaka cha 1986.

Zonse zinayamba ndi penti. Modester, mnzanga wa nyumba yoyandikana nafe, anapaka chitseko chake penti wachikasu, ine mtima n'kundiwawa ngati wandilanda mwamuna. Amuna anga, aGama, ankagwira ntchito pa fakitale ina yopanga mipando, ndipo tsiku lililonse ankabwera kunyumba akununkha penti.

"Bambo a Anastasia, inu mumasambira m'penti tsiku lonse, koma chitseko chanu chili mbuu ngati cha khola la nkhuku."

"Penti ndi wa kampani, mayi."

"Nanga wotsalira m'zitini uja, amene amakataya kudzala, nayenso ndi wa kampani?"

Nyimbo imeneyi ndinaiimba milungu itatu osapuma. AGama anali munthu woti nkhuku yawo yomwe ankapempha anzawo kuti awaphere, koma pakamwa panga palibe amene anapapirirapo. Chitini choyamba chinafika bwinobwino, ndipo chitseko ndinapenta ndekha, Modester akuonerera. Kenaka ndinaona kuti mawindo akuchita manyazi. Chitini chachiwiri ndi chimene alonda anawagwira nacho pageti, ndipo munali penti wosakwana ndi theka lomwe.

2

Kukhoti ndinapita nditavala yunifolomu ya kutchalitchi, kuti majisitireti aone mtundu wa banja limene akuliweruza. Modester anandiperekeza. Chifundo anali nacho ndithu, koma mnzangayu sakonda kumva nkhani kwa wachiwiri.

Mlandu wa aGama usanalowe, panaima mwamuna wina amene anaba wilibala ndi matumba awiri a simenti. Majisitireti anati popeza kanali koyamba, apite kwawo, koma akadzabanso adzaseweza zonse. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati ngati wa simenti wapita kwawo, wa kachitini ndiye amupepesa kumene.

AGama anavomera mlandu msangamsanga. Kenaka woimira boma anatulutsa pepala lakalekale, n'kuyamba kuwerenga, womasulira akutsatira pambuyo.

"Stanislaus Gama. 1964, kuba njinga. 1966, kuthyola sitolo. 1968, kusunga katundu wakuba. Kodi ukuvomera kuti milandu imeneyi unapalamula ndiwe?"

AGama anatembenuka, anandifunafuna ndi maso mpaka anandipeza. Ndinadziwa chimene ankandifunsa ndi masowo. Ine ndinagwedeza mutu movomereza, pang'ono chabe, moti ngakhale Modester, amene amaona nsabwe m'mutu mwa munthu wodutsa pabasi, sanaone kanthu.

"Ndikuvomera, bwana."

Majisitireti anati mbava yozolowera ngati imeneyi chindapusa sichingaiphunzitse kanthu. Anawapatsa zaka zitatu za ukaidi wa kalavulagaga.

"Maiwe!" Modester anandigwira mkono titatuluka panja. "AGama omwewa? Kuthyola sitolo? Shuwa anthu ofatsa muziwaopa, asikana."

Ndinalira kwambiri tsiku limenelo, ndipo misoziyo inali yeniyeni. Koma mutu uja ndinagwedeza ndine. Chifukwa chake mundidikire pang'ono, ndikuuzani.

3

Ndende imene anawapititsa sindiitchula dzina. Ndinkapitako kamodzi pa mwezi, titapanikizana anthu asanu ndi anayi m'kagalimoto ka Pijo kochokera pamsika wa Chikwanha. Ulendo woyamba ndinawadandaulira aGama kuti miyendo yanga yachita dzanzi, iwo anaseka mpaka kugwira waya wotilekanitsa.

"Anthu naini basi? Mayi, inu mumayenda ngati nduna. Chipinda chathu anamangira anthu makumi awiri, koma tilimo makumi asanu ndi awiri."

"Nanga mumagona bwanji?"

"Chammbali, ngati matemba m'paketi. Wamkulu wa chipinda akakuwa kuti 'chinjai!' tonse timatembenukira limodzi. Ukadzuka kupita kundowa, malo ako apita, umaima mpaka kuche. Koma kuzizira sitikudziwa, mayi. Juni akafika musadzavutike ndi za bulangete."

"Ndiye muli pakati pa zigawenga zokhazokha?"

"Zigawenga zilipo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo ndi zimene zimagona pawindo. Enafe ndife a nkhuku, a mbuzi imodzi, a mowa wopanda chilolezo. Pali wina anabwera chifukwa cha galu wake amene analuma njinga ya wapolisi."

Anandiuzanso za mdala wina wa ku Mozambique amene ankagona kumsana kwawo, akuwatsokomolera m'khosi. Mwezi wotsatira mdalayo kunalibe, ndipo malo ake anagawana anthu awiri atsopano. Koma mdalayo anawasiyira aGama chifuwa chija.

4

Amene anabwera ndi loya ndi Anastasia, mwana wanga woyamba. Nthawi imeneyo anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo ankataipa makalata ku ofesi ya parishi. Unali mwezi wa Meyi. Ine ndinkadziwa kuti loya amakhala mzibambo wa mimba ndi galimoto, koma pakhomo panga panaima kamtsikana kowonda, nsapato zili fumbi lokhalokha, katakumbatira mafailo.

"Makadii, amai?" kanandilonjera m'Chishona. " Ndine Tabeth Marufu. Chichewa ndimayesa, ndinakulira pafamu ndi ana a anthu a ku Malawi, ndiye mukhululuke ndikachithyola."

Anafotokoza kuti iye ndi maloya anzake ochepa akusonkhanitsa milandu ya anthu amene analandira zilango zoposa zimene analakwa, kuti akaiike pamaso pa majaji a khoti lalikulu. Ankafuna kuti anthu a milandu ing'onoing'ono azichenjezedwa ngati wa simenti uja, kapena azigwira ntchito yothandiza anthu akugona kwawo, kuti ndende zipumeko. Sankalipiritsa kanthu.

"Mlandu wa baba ndi wabwino kwambiri," anatero, maso akuwala ngati akuyamikira nsalu. "Zaka zitatu chifukwa cha penti wosakwana theka la chitini! Jaji aliyense achita manyazi. Chikutipinga ndi milandu yakale ija basi. Koma ndaonapo kanthu. Palibe amene anafananitsa zidindo za zala zawo ndi zija za mu 1968, poti anavomera okha. Ndikufuna ndiitanitse makadi akalewo kupolisi. Maofesi amalakwitsa, amai."

Ndinadzuka kukatenga ketulo.

"Ndinakawaona kundende kuti asaine," anapitiriza, "koma akuti sasaina kanthu popanda mawu anu. Mungoti ee, ine ndiyamba mawa."

Ndinamuthirira tiyi, ndinamuikira shuga masipuni atatu, kenaka ndinatulutsa mawu anga a kutchalitchi.

"Mwana wanga, zikomo. Koma ife ndife anthu opemphera. Amuna anga analakwa, alape. Loya wathu ali kumwamba."

"Amai, loya ameneyo ndimamulemekeza. Koma baba akutsokomola, ndipo m'chipinda muja mwatuluka kale mitembo itatu chaka chino."

"Malizani tiyi, mabasi a ku tauni amavuta madzulo."

Atachoka, Anastasia anandiimirira pamaso. Mwana ameneyu ndikamulankhula Chichewa amayankha Chishona, ndipo akakwiya ndiye amachithira chenicheni.

"Amai, mava kupenga here? Mwapenga? Munthu wabwera kudzatulutsa adadi, inu mukumupirikitsa!"

"Tseka pakamwa. Za akulu sungazimve."

5

Tabeth anali nkhupakupa. Anabweranso kanayi. Kawiri ndinabisala kuchimbudzi, Modester akundinamira kuti ndapita kumaliro. Makalata ake ndinkayatsira mbaula. Tsiku lina anandipeza pa Chikwanha pamene ndinkagulitsa tomato, ndipo anaima pamaso panga ola lathunthu, mpaka anthu anayamba kumufunsa iyeyo mtengo.

"Amai, mukuopa chiyani? Chimene mungandiuze ine sichituluka. Ndi lamulo la ntchito yathu."

"Tomato mugula, kapena mwabwera kudzanditchingira makasitomala?"

Kutchalitchi mbiri yanga inakwera. Ndinkasala kudya Lachisanu lililonse, ndipo amayi anzanga ankati taonani Tryphena, wakana maloya a dziko lapansi. Musaganize kuti ndinkanamizira kupemphera, ayi. Ndinkapempha Mulungu ndi misozi kuti awatulutse amuna anga mwa njira ina iliyonse, kupatula imene anali atanditumizira kale.

Mu Okutobala aGama anabwera pawaya atagwiriziridwa ndi akaidi awiri. Yunifolomu inkawalendewera, ndipo kansanza kamene ankatsokomolera kanali kofiira. Tsiku limenelo sanaseke ngakhale kamodzi.

"Ana ali bwanji?"

"Ali bwino."

"Nanga nyumba?"

"Ili bwino."

"Basi, ndiye zili bwino. Musadandaule, mayi, ana asagone panja chifukwa cha ine." Anatsokomola. "Kungoti masiku ano mutu ukayamba kuzungulira, ndimadzitchula dzina langa chamumtima, lija anandipatsa amayi. Ndikuopa kuti ndingafe nditaliiwala."

M'mawa mwake ndinauza Anastasia kuti andiperekeze ku ofesi ya loya uja, poti m'tauni ine ndimasochera.

6

Ndinafuna kuti Anastasia atsale pakhonde, koma anakana, ndipo ndinalibe mphamvu zokangana naye.

"Amene ali kundende aja si Stanislaus Gama," ndinatero ndisanakhale n'komwe pampando.

Tabeth anaika cholembera pansi.

Stanislaus weniweni ndi amene ndinakwatirana naye kutchalitchi mu 1965. Anali wokongola, wodziwa kuvina, komanso mbava. Mu 1969, apolisi akumusakanso, anathawira ku Joni ndi dzina lina, n'kundisiyira mwana wa zaka ziwiri ndi chitupa chake, pepala lija loti popanda ilo munthu wakuda sankapeza ntchito kapena nyumba m'tauni. Mpaka lero sindidziwa ngati ali moyo. Mwezi womwewo kunatulukira mng'ono wake, Cyprian, atayenda wapansi kuchokera ku Dedza, wopanda pepala lililonse. Nkhope anali ofanana. Ine ndinali ndi chitupa chopanda mwamuna, iye anali mwamuna wopanda chitupa. Nzeruyo inali yanga.

Poyamba linali pangano la mapepala chabe. Anapeza ntchito, tinalandira nyumba ku St Mary's kumene kunalibe otidziwa, iye akugona pabalaza ndi kumanditchula kuti alamu. Patatha chaka ndinasiya kukhala alamu. Ndinamuberekera ana atatu, ndipo ndinamukonda kuposa mwini dzina. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma palibe amene anatiuza kuti umatsata chitupa.

"Akanakana milandu ija, akanawafunsa kuti nanga ndiwe yani," ndinamuuza Tabeth. "Akanawabweza ku Malawi, khonsolo n'kutilanda nyumba. Ana anayi ndikanapita nawo kuti?"

Tabeth anafunsa ngati dzina langa lili pakhadi la nyumba. Ndinati lilipo. Anafunsa ngati setifiketi ya ukwati ili yeniyeni. Ndinati ndi yeniyeni.

"Ndiye nyumbayo akanakulandani ndani? Inu ndinu Mai Gama enieni, amai, pa inu palibe chabodza. Za chitupa ndi mlandu, sindikukana, koma m'makomboni muno anthu otere ndi ambirimbiri. Munthu wakhala kuno zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ali ndi ana obadwira konkuno, ndikanamumenyera nkhondo. Munafunsapo munthu aliyense?"

"Ayi."

"Mukanandiuza mu Meyi, akanatuluka mu Juni."

Anastasia sanalire. Anangofunsa, m'Chichewa chosalala chimene sindinkadziwa kuti ali nacho.

"Ndiye munthu amene anandilera uja, amene akufa chifukwa cha inu, si bambo anga n'komwe?"

"Ndi bambo ako aang'ono."

"Ayi. Amene aja ndi adadi. Amene sindikuwadziwa ndinu."

7

Tabeth anathamanga ngati akuthamangira bambo ake omubala. Makadi akale anabwera, ndipo zidindo za zala sizinafanane. Jaji anafafaniza zaka zitatu zija, nalemba mawu aatali odzudzula chizolowezi chodzaza ndende ndi anthu a milandu ya nkhuku. Za chitupa anati zidikire kaye wodwalayo achire. Tabeth akuti chigamulo chimenechi maloya akhala akutulutsira anthu ena ambiri, ndipo amachitchula ndi dzina la Stanislaus Gama. Ku St Mary's palibe amene amawerenga mabuku a makhoti, ndiye anthu anangomva kuti mapemphero a Tryphena ayankhidwa.

Amuna anga anafika kunyumba mu Novembala, opepuka moti Anastasia anawanyamula yekha kuchoka pagalimoto. Anakhala nafe masiku khumi ndi limodzi. Bedi lonse linali lawo, koma ankagonabe chammbali, m'mphepete, atapinda manja.

Tsiku lina masana, ana atapita kusukulu, anandikodola.

"Tandiitanani, mayi."

"Bambo a Anastasia."

"Ayi. Lija."

Ndinayamba ndatseka windo, poti Modester anali akuyanika zovala kuseri kwa mpanda.

"Cyprian."

"Wawa," anayankha, akumwetulira ngati mwana amene waitanidwa kudzadya. "Pamanda pokha mudzalembe limeneli. Kumeneko kulibe khonsolo."

Ndinalonjeza nditagwira dzanja lawo.

Tsiku la maliro, wolemba chikwangwani cha pamanda analowa m'nyumba ya siwa ndi kachitsulo kake, n'kugwada patsogolo panga. M'nyumbamo munali thithithi amayi a yunifolomu, Modester atakhala mondigunda. Anastasia anaima pakhomo akundiyang'ana.

"Pepani, mayi. Tilembe dzina lanji?"

Amayi aja anali atangomaliza kulankhula za kupirira kwanga. Ndinayang'ana nkhope zawo, ndipo ndinamva kale zimene akanong'onezane pobwerera: kuti ndakhala ndi mlamu wanga zaka zonsezi, kuti ana atatu si a ukwati wa kutchalitchi, kuti ndakhala ndikulandira ukalisitiya ndi bodza m'kamwa.

"Stanislaus," ndinatero.

Anastasia anasamuka sabata yomweyo. Amakhala ku komboni ya Zengeza 4, anakwatiwa, ndipo tikakumana pa Chikwanha amandipatsa moni m'Chingerezi.

8

Abale anga owerenga, mukamamva kuti ndende zadzaza, musamaganize za zigawenga zokha. Mwina amene akugona pafupi ndi ndowa ndi munthu woti inuyo mukanamusungitsa makiyi a nyumba yanu. Ndipo loya akabwera pakhomo panu ndi fumbi kumapazi, muuzeni nkhani yonse, ngakhale mbali imene ikununkha. Tabeth anali wokonzeka kulimbana ndi majisitireti, apolisi ndi majaji. Amene anamugonjetsa kwa miyezi isanu ndi mayi wogulitsa tomato.

Ndinkadziuza kuti ndikuteteza nyumba, ndikuteteza ana. Koma tsiku la maliro lija nyumba inalibe vuto lililonse, ana anali bwinobwino, ndipo ndinanamabe. Pamenepo ndi pamene ndinadziwa chimene ndinkateteza nthawi yonseyi, ndipo manyazi ake amandidya mpaka lero. Zaka zitatu zapita, chikwangwani sindinachisinthe. Ndikapita kukalambula pamanda ndimalankhula ndi munthu wina, maso akuwerenga dzina la wina.

Ndikudziwa kuti magazini ino imafika mumsewu wathu, ndipo ikafika imayenda nyumba ndi nyumba mpaka kung'ambika. Iyende. Amene wagona pansi pa chikwangwani chija ndi Cyprian Gama wa ku Dedza, amuna anga. Aka n'koyamba kuti ndilitchule dzinali windo lili lotsegula.